Timipeni ta m'matumbo: ndani amamaliza kugaya zimene tadya?

Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi mphika wa thobwa akudziwa kamphindi kena kodabwitsa. Phala lapsa, lalimba moti mthiko ukuima wokha. Azakhali anga, kumudzi kwathu cha ku Chadiza, amaliphula n'kulisiya kaye pambali. Amapita uku, kubwera kudzaviikamo chala, kupitanso, mpaka litafika poti chala chikupirira. Apo ndiye amawazamo chimera cha mawere n'kuvundula. Posakhalitsa phala lija layamba kuyenda ngati madzi, ndipo ukalawa ukumva kutsekemera, chonsecho palibe wathiramo madzi kapena shuga. Tsiku lina, ndili kamnyamata, ndinafuna kuthandiza, ndiye ndinakhuthulira chimera chonse m'phala longophulidwa kumene. "Iwe mwana iwe, wandiphera chimera!" anakalipa azakhali. Thobwa la tsikulo tinamwa chifukwa cha ulemu chabe.

Ponena kuti ndapha, sanaphonye. M'chimera muli tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maenzaimu. Enzaimu ndi puloteni, chingwe chachitali chopindidwapindidwa mwa njira yakeyake, ndipo mphamvu yake yonse ili m'kapindidweko. Kutentha kukapyola muyeso chingwecho chimamasuka, ntchito n'kuthera pomwepo, monga dzira lophika silibwereranso kukhala laliwisi. Enzaimu imene imasungunula phala dzina lake ndi amylase. Mbale wake ali m'malovu mwanu pano pamene mukuwerenga. Achibale ena, ochuluka zedi komanso aluso kuposa awiriwa, ali ndi mabakiteriya okhala m'matumbo mwanu.

Tiyambe ndi chimene chimadulidwacho. Sitachi ya m'chimanga, chinangwa, kandolo ndi mpunga ndi shuga wotchedwa gulukosi, wolumikizana ngati mikanda pa ulusi, mazanamazana kapena masauzande. Lilime silimva kutsekemera kwa mikanda ikadali pa ulusi, ndipo magazi sangailandire. Amylase ya m'malovu imayamba kudula, kapamba amathira ina yambiri m'matumbo aang'ono, kenako pakhoma la matumbowo pali maenzaimu ena ochepa omalizitsa tizidutswa, kuphatikizapo yodula shuga wa nzimbe ndi yodula shuga wa mumkaka. Tikawerenga onse amene thupi la munthu limadzipangira lokha ogayira zakudya za gulu limeneli, safika 20. Zida zathu n'zomwezo basi.

Tsopano taonani thonje limene alimi a ku Katete ndi Petauke amanyamula kupita nalo ku sikelo. Ulusi wa thonje ndi selulozi pafupifupi yokhayokha, ndipo selulozi ndi gulukosi yemweyo wa mu nsima, wolumikizananso ngati mikanda. Mapesi, udzu, nkhambi za nzimbe, timitsempha ta masamba a chibwabwa, monsemo muli selulozi. Nanga bwanji munthu wanjala sangatafune thonje n'kupezamo mphamvu? Nkhani yagona pa mfundo imene yamanga mkanda ku unzake. Gulukosi ndi kamkombero, ndipo mmene amamujambulira m'mabuku, mfundo ya pa sitachi imaloza pansi pa kamkomberoko. Akatswiri amaitcha alpha. Ya pa selulozi imaloza m'mwamba, amaitcha beta. Chingwe cha alpha chimapotana ngati nkhata, chimasiya mipata yolowera madzi, n'chifukwa chake ufa umafufuma mumphika. Pa chingwe cha beta mkanda uliwonse umagona chotembenuka poyerekeza ndi unzake, chingwecho n'kuwongoka, ndipo zingwe zotere zimagundana n'kugwirana ngati bango la mphasa, madzi osapeza polowera. Amylase yathu inaumbidwa moti mulowe nkhata. Bango silikwanamo.

Musayese kuti mfundo imeneyi ndi yofooka. Mu 1998 Richard Wolfenden ndi anzake a ku University of North Carolina anayeza nthawi imene ingapite kuti iduke yokha m'madzi wamba, popanda asidi kapena enzaimu, pa kutentha kwa m'nyumba. Anapeza kuti pangapite zaka pafupifupi 5 miliyoni kuti theka la mfundozo liduke. Enzaimu yabwino imadula zambirimbiri pa sekondi imodzi. Imatha bwanji?

Amene anathyolapo nzimbe pabondo akudziwa kale. Sukoka nzimbe uku ndi uku. Umaigwira mbali ziwiri, kuika bondo pamfundo, n'kuipinda mpaka itatsala pang'ono kuthyoka, kenako kamphamvu kochepa kamaliza. Enzaimu nayo ili ndi kamphako kamene chingwe cha shuga chimalowamo n'kukhala thi. M'kamphakomo muli timanja togwira chingwecho m'malo angapo nthawi imodzi, ndipo mkanda umene uli pa malo odulira umakakamizidwa kupindika, kusiya kakhalidwe kake komasuka n'kukhala wophwatalala pang'ono. Ikafika apo mfundo yafooka kale. Zotsalazo zimachitidwa ndi timagawo tiwiri ta puloteniyo, tonse ta asidi, aspartate kapena glutamate, tokhala kena mbali ino kena mbali inayo, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi.

Daniel Koshland anafotokoza mu 1953, pa nthawi imene panalibe munthu amene anaonapo maonekedwe a enzaimu, kuti kadulidweka kali pawiri. Pa njira yoyamba timagawo tija tatalikirana pang'ono, moti pakati pake pakukwana shuga pamodzi ndi molekyulu imodzi ya madzi, kachidutswa kochepetsetsa ka madzi. Kagawo kamodzi kamapereka kachidutswa ka haidirojeni kotchedwa proton ku okosijeni amene walumikiza mikanda iwiri pamfundo, kuti mbali yochokayo ichoke mosavuta. Nthawi yomweyo kanzake kamalanda proton ku madzi aja, madziwo n'kukhala aukali, n'kugunda shuga chakumbuyo. Zonse zimachitika kamodzi n'kamodzi, ndipo nsonga yodukayo imatuluka itatembenuka: inali beta yasanduka alpha, inali alpha yasanduka beta.

Pa njira yachiwiri timagawo tiwiri tija tayandikana kwambiri, madzi sangalowe pakati. Ndiye kagawo kachiwiri kamagunda shuga kokha, n'kumatirirana naye kwa kanthawi, enzaimu ndi shuga kukhala chinthu chimodzi. Mbali yodukayo ikachoka pamatsala mpata, madzi n'kulowa. Kagawo koyamba, komwe kanapereka proton poyamba paja, tsopano kamailanda ku madzi, madziwo n'kugunda, shuga n'kumasuka, enzaimu n'kubwerera mwakale kudikira chingwe china. Mbale ukaivundikira kamodzi yayang'ana pansi, ukaitembenuzanso yabwerera mmene inalili. Momwemonso shuga wa njira imeneyi, pogundidwa kawiri, amatuluka ali alpha ngati analowa ali alpha. Chimene chimasiyanitsa njira ziwirizi ndi mtunda wosaganizirika kuchepa kwake: pafupifupi ma angstrom 10 pa njira yoyamba ndi 5.5 pa yachiwiri, pamene angstrom imodzi ndi milimita itagawidwa ka 10 miliyoni. Mumphika wa azakhali njira zonse ziwiri zinali pa ntchito. Alpha-amylase, ya njira yachiwiri, imadula chingwe pakati paliponse, ndiyo imasungunula phala. Beta-amylase, ya njira yoyamba, imabudula mikanda iwiriiwiri kuyambira kunsonga, n'kumawonjezera kutsekemera.

Maonekedwe a enzaimu anayamba kuoneka mu 1965, pamene David Phillips ndi anzake ku London anaunika ndi X-ray enzaimu ya m'choyera cha dzira yotchedwa lysozyme, yomwe nayonso ndi yodula mfundo za shuga. Pofika 1995 ofufuza anali ataunika maenzaimu ambiri otere, ndipo Gideon Davies ndi Bernard Henrissat anaona kuti timphako todulira tili m'mitundu itatu. Pali konga kathumba, kolowa nsonga yokha ya chingwe. Enzaimu yotere imachotsa mikanda kuyambira kumapeto, monga wotonola chimanga amayambira kunsonga ya chitsononkho. Pali konga ngalande yotseguka pamwamba, imene imatha kugona paliponse pa chingwe n'kudula pakati. Ndiye pali konga una wa mbewa, kotseguka uku ndi uku: chingwe chikalowa sichituluka cham'mbali, enzaimu imangoyenda nacho n'kumadula motsatizana, ndipo umu ndi mmene ena mwa maenzaimu odya selulozi amasololera ulusi umodzi pa mphasa ija osautaya. Henrissat yemweyo ndiye anayamba mu 1991 kuika maenzaimuwa m'mabanja, potengera kufanana kwa kapangidwe kawo. Anayamba ndi mabanja 35. Lero kaundula wake, wotchedwa CAZy, wosungidwa ku Marseille, ali ndi mabanja opitirira 170. Banja nambala 13 ndi lomwe muli alpha-amylase ya m'chimera ndi ya m'malovu. Onse a m'banjali thunthu lawo lili ngati kankhokwe: timizati 8 taima mozungulira pakati, kunja kwake timizere 8 topotana, podulira pali pakamwa pa kankhokweko.

Zonse zimene zapulumuka ku maenzaimu athu ochepa aja zimatsikira m'thumbo lalikulu, malo amdima, ofunda, osowa mpweya wa okosijeni. Ofufuza a ku Weizmann Institute ku Israel anawerengera mu 2016 kuti munthu wamkulu amanyamula mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ochuluka ali m'menemu, ndipo onse pamodzi amalemera ngati magalamu 200. Mmodzi mwa odziwika bwino ndi Bacteroides thetaiotaomicron, dzina lothyola lilime, tingomutcha B. theta monga amachitira omufufuza. Bakiteriya mmodzi yekhayu ali ndi maenzaimu odula mfundo za shuga opitirira 250. Ife osafika 20, iye 250.

Koma kukhala ndi mipeni yambiri pakokha sikukwanira, chifukwa m'thumbomo muli chinamtindi cha anjala. Chingwe cha sitachi n'chachikulu kwambiri, sichingalowe m'bakiteriya chathunthu. Akachidulira kunja mpaka kusanduka gulukosi, oyandikana naye atola zonse iye ali chilili. Abigail Salyers wa ku University of Illinois anathera zaka zambiri, kuyambira m'ma 1980, kufufuza mmene B. theta amathanirana ndi vutoli, ndipo zimene anapeza zimandikumbutsa mlimi wochenjera amene satonolera chimanga kumunda: amakolola, kukweza pangolo, kulowetsa kumpanda, n'kukatonolera pakhomo. Bakiteriyayu ali ndi makoma awiri, mpanda wakunja ndi khoma la nyumba, pakati pali bwalo. Pampanda pali mapuloteni atatu, SusD, SusE ndi SusF, ogwira sitachi kuti isapite. Pambali pawo pali SusG, amylase ya m'banja 13 lomwe lija, imene imadula chingwe m'zidutswa zapakatikati, osati mpaka gulukosi. Zidutswazo zimalowa pa chipata chotchedwa SusC. Zikafika pabwalo, pomwe palibe wakuba, SusA ndi SusB zimamaliza kuzidula, gulukosi n'kulowa m'nyumba. Palinso mlonda, SusR, amene akamva kuti tizidutswa ta sitachi tafika pabwalo amalamula kuti zida zonsezi zipangidwe zambiri. Sitachi ikasowa, kupangako kumatsika, chifukwa bakiteriya sawononga mphamvu posula chida chimene alibe nacho ntchito.

Ziwiri zimandisangalatsa pamenepa. Nicole Koropatkin anaonetsa mu 2008 kuti SusD imazindikira sitachi makamaka pa kupotana kwake, kuti chikhatho chake chinapindika molingana ndi nkhata ija. Ndipo mu 2017 ofufuza a ku Newcastle anaona kuti puloteni ya mtundu wa SusD imakhala pamwamba pa chipata ngati chivundikiro chomangiriridwa mbali imodzi: chimatseguka, chakudya chimalowa, chimatsekeka, kenako chipata n'kutsegukira mkati. B. theta ali ndi magulu 88 a zida zokonzedwa motere, lililonse la chakudya chakechake, ndipo maguluwa amatenga pafupifupi 18 peresenti ya majini ake onse, omwe ndi malangizo achibadwa opangira mapuloteni.

Chifukwa chake zida zichuluke chonchi chimaoneka bwino tikayang'ana gaga. Khungu la njere ya chimanga lili ndi chingwe china chotchedwa xylan, chopangidwa ndi shuga wa mtundu wina, xylose. Chingwechi chili ngati nthambi ya mtengo waminga: m'mbali mwake mwamera tinthambi ta arabinose, ta galactose, ta glucuronic acid, tina tomera pa tinzake. Enzaimu yodula thunthu siingaligwire minga isanasadzidwe, ndipo munga uliwonse umafuna kampeni kake, pakuti enzaimu imodzi imadziwa mtundu umodzi wa shuga, womangidwa mwa njira imodzi, pa malo amodzi. Xylan ya chimanga ili m'gulu la zovuta kwambiri mwa mbewu zonse. Kafukufuku wa ku Newcastle wa 2015 anapeza kuti bakiteriya wina, Bacteroides ovatus, ali ndi magulu awiri a zida za xylan, laling'ono ndi lalikulu, ndipo kuti pa gaga wa chimanga lalikululo ndilo lofunika. Munthu wodya mgaiwa ndiye kuti tsiku lililonse akupereka ntchito kwa mmisiri ameneyu.

Chovuta kuposa zonse chili m'ndiwo zamasamba ndi zipatso. M'makoma a maselo a zomera muli pectin, gulu lomwe kumachokeranso kuterera kwa delele. Kachigawo kena ka pectin, kotchedwa RG-II, kali ndi mitundu 13 ya shuga yomangidwa ndi mfundo za mitundu 21. Akatswiri ankaganiza kuti chinthu chotere chimafuna mitundu ingapo ya mabakiteriya yothandizana. Mu 2017 Didier Ndeh, Harry Gilbert ndi anzawo anaonetsa kuti B. theta yekha amadula mfundo 20 mwa 21 zija, motsatana bwino, enzaimu ina kutsegulira inzake njira, ndipo pa ntchito imodzi yomweyo anatulukira mabanja 7 atsopano a maenzaimu.

Ngakhale sitachi yeniyeniyo sitiimaliza tokha. Nsima ikagona n'kukhala mkute, womwe ena m'tauni muno amati chimbala, imalimba chifukwa zingwe zina za sitachi, pozizira, zawongoka n'kugwirananso zolimba. Amylase yathu imalephera kulowa m'malo oterowo, ndipo gawo limenelo limafika m'thumbo lalikulu lisanagayike. N'chimodzimodzi ndi kandolo wophika wozizira, nthochi zosapsa ndi nyemba. Apa B. theta naye amavutika. Katswiri wa sitachi yotereyi ndi bakiteriya wina, Ruminococcus bromii, monga anaonetsera Harry Flint ndi anzake a ku Aberdeen mu 2012. Uyu kachitidwe kake n'kosiyana: amamanga maenzaimu angapo pamodzi kunja kwa thupi lake, n'kukakamira pa kambulu ka sitachi n'kumakokota, ndipo zambiri zimene wadula zimagwera ena. Pa kafukufuku wa komweko, anthu ochepa amene anali ndi bakiteriyayu wochepa kwambiri ankatulutsa gawo lalikulu la sitachi yotere osaligaya. Pano ndichenjeze pang'ono, poti nkhani zotere zimathamanga pa WhatsApp: mkute si mankhwala a matenda a shuga. Gawo lolimbalo n'lochepa, lotsalalo ndi sitachi wamba yokweza shuga m'magazi monga mwa masiku onse.

Nanga ifeyo timapindulanji ndi phwando la enili? Bakiteriya akadya shuga popanda okosijeni samumaliza. Amataya timaasidi ting'onoting'ono, makamaka titatu: acetate, yemwe ndi asidi wa mu viniga, propionate ndi butyrate, pa mulingo wa pafupifupi 60, 20 ndi 20 pa 100. Thumbo limatiyamwa. Propionate amapita kuchiwindi, acetate amayenda m'magazi, koma butyrate amadyedwa pomwepo ndi maselo a khoma la thumbo lalikulu, ndipo ndiye chakudya chawo chachikulu. Chodabwitsa n'chakuti B. theta, ndi mipeni yake yonse ija, sapanga butyrate. Opanga ndi ena, monga Faecalibacterium prausnitzii ndi Roseburia, amene ambiri amadya zogwa kwa anzawo. Kwa munthu mphamvu yochokera m'timaasidi timeneti siipitirira kwenikweni 10 peresenti ya imene amafuna patsiku. Kwa ng'ombe yokoka ngolo ndiyo mphamvu yake yaikulu, pakuti ng'ombe nayo ilibe enzaimu yakeyake yodula selulozi. Mapesi amene imadya m'chilimwe amagayidwa ndi tizilombo ta m'chifu chake chachikulu.

Chotsala china cha phwandoli ndi mpweya, ndipo aliyense amene anagonapo m'chipinda cha kusukulu yogonera komweko tsiku la nyemba safuna kuuzidwa. Nyemba, khobwe, nzama ndi soya zili ndi timashuga totchedwa raffinose ndi stachyose, tomangidwa ndi mfundo imene munthu alibe enzaimu yake. Timafika m'thumbo lalikulu tathunthu, mabakiteriya okhala ndi alpha-galactosidase, enzaimu yodula mfundoyo, n'kutilandira ndi manja awiri, ndipo potuluka pake ndi haidirojeni, carbon dioxide, kwa anthu ena ndi methane yomwe. Kuviika nyemba usiku n'kutaya madzi ake kumachepetsako, chifukwa timashugati timasungunukira m'madzi. Odwala shuga amene anapatsidwapo mankhwala a acarbose amadziwa vuto lomweli mwa njira ina. Mankhwalawa amafanana ndi shuga wopindika uja, wotsala pang'ono kuduka. Enzaimu yathu imawagwira zolimba koma osatha kuwadula, ndiye sitachi imachedwa kugayika, shuga sakwera msanga m'magazi, ndipo yopulumukayo imakasangalatsa a m'thumbo lalikulu. Kutupa mimba ndi kuphwisa ndiye dandaulo lodziwika la mankhwalawa.

Ubalewu umayamba pa bere. Mkaka wa m'mawere uli ndi timashuga tamitundumitundu timene khanda silingathe kugaya ngakhale pang'ono, ndipo tilimo tambiri, toposedwa ndi lactose, shuga wa mumkaka uja, ndi mafuta okha. Timashugati ndi chakudya chimene mayi amakonzera bakiteriya wotchedwa Bifidobacterium infantis, amene ali ndi gulu lonse la zipata ndi maenzaimu a timashuga timeneti. Iye akachuluka amawawasitsa m'thumbo mwa khanda, oyambitsa kutsegula m'mimba n'kusowa pokhala.

Zida zimenezi zimatsata chakudya cha kumalo. Mu 2010 ofufuza a ku Roscoff ku France anapeza enzaimu yodula shuga wa m'ndere za m'nyanja yamchere mu bakiteriya wa m'nyanja momwemo. Atafufuza kwina kumene jini lake likupezeka, analipeza mu Bacteroides plebeius, wa m'matumbo mwa anthu a ku Japan, amene akhala akudya ndere zotchedwa nori kwa zaka mazana. Mwa anthu a ku North America amene anawayerekeza nawo munalibe. Mabakiteriya amapatsana majini monga anansi amabwerekana khasu, ndipo lobwerekalo limakhazikika pakakhala munda wolima. Kufupi ndi kuno, kafukufuku wa 2012 wa gulu la Jeffrey Gordon anayerekeza anthu a m'midzi ya ku Malawi, odya nsima ngati ife, ndi a m'mizinda ya ku America. M'mabakiteriya a Amalawi munali mitundu yambiri, ndipo majini a alpha-amylase anali ochuluka, zogwirizana ndi chimanga cha tsiku ndi tsiku.

Ntchito ikasowa, zinthu zimatembenuka. Khoma la thumbo limakutidwa ndi zoterera zonga mamina, zotchinga kuti mabakiteriya asakhudze maselo athu, ndipo zotererazo zili ndi shuga wambiri womangidwa pa puloteni. Ena mwa magulu 88 a B. theta ndi odyera zimenezi. Mu 2016 Mahesh Desai ndi Eric Martens anaika mabakiteriya a munthu mu mbewa za mu labotale n'kuzimana chakudya cha gaga ndi masamba. Mabakiteriya odya zoterera anachuluka, chotchingacho chinapyapyala, ndipo mbewazo zitapatsidwa kachilombo koyambitsa matenda a m'matumbo zinadwala kwambiri kuposa zinzake. Izi ndi mbewa, si anthu. Koma pa anthu, Stephen O'Keefe anasinthanitsa chakudya mu kafukufuku wotuluka mu 2015: anthu 20 akuda a ku Pittsburgh anadya ngati a kumidzi ya ku KwaZulu-Natal, a kumidziwo 20 n'kudya ngati a ku America, kwa milungu iwiri yokha. Kwa oyambawo butyrate anakwera kuposa kawiri, zizindikiro za kutupa kwa khoma la thumbo n'kutsika. Kwa enawo zinayenda chobwerera.

N'chifukwa chake ndikaona ogulitsa timabotolo "totsuka m'mimba" m'mabasi a ku Lusaka ndi m'mbali mwa msika wa Kapata, ndimaona ngati akugulitsa moto wotentha nkhokwe pofuna kupha khoswe. M'thumbo mulibe litsiro lofuna kutsukidwa ndi mankhwala otsegula m'mimba. Muli amisiri ofuna ntchito, ndipo poti aliyense amadziwa mfundo yake imodzi, chowasunga onse ndi kusinthasintha ndiwo: lero bondwe, mawa khobwe, mkuja mfutso wa nsinjiro, malambe ndi masuku pa nyengo yake. Komanso sindili m'gulu la onyoza amayi athu chifukwa chokonola chimanga. Anali ndi zifukwa zawo. Ufa woyera umakhalitsa osanunkha chifukwa mtima wa njere, momwe muli mafuta, wachoka, ndipo chimanga chikagwidwa ndi chuku, poizoni wambiri amakhala m'khungu, moti kukonola kumamuchepetsa. Mgaiwa wa chimanga chowola si wabwino kuposa ufa woyera wa chimanga chosankhidwa. Mwana wamng'ono nayenso, ndi kamimba kake kochepa, amafuna phala lokhala ndi mphamvu zambiri m'kambale kochepa, osati lodzaza ndi gaga.

Chimene chasintha n'chakuti kale wodya nsima ya ufa woyera ankadyera masamba, nyemba ndi zipatso zakutchire zambiri, pamene lero m'makomboni a Chipata mbale ya ambiri ndi nsima ya ufa woyera wogula wotchedwa breakfast, kasoseji kapena dzira, mabanzi m'mawa ndi chakumwa cha shuga masana, zonse zothera m'matumbo aang'ono. Sabata yatha ndinali pa chigayo cha kwathu kuno kukagayitsa thumba limodzi. Pamzere tinalipo anthu 9, ndipo ofuna mgaiwa tinali awiri, ine ndi agogo ena amene anati mano awo anakulira pa umenewo. Ena onse anayamba ndi makina okonola. Gaga ankagwera m'chidebe kuseri, ndipo mnyamata wina anali akudikira kale ndi njinga ndi matumba awiri. Nditamufunsa kumene amapita naye, anati abwana ake ali ndi nkhumba 14 cha ku Msekera.